Malingaliro a sabata ino: Mbande za pathanthwe



Mwezi wa Juni ukalowa, udzu utayamba kufiira ndi mitengo ya m'tchire itayamba kuyoyola masamba, m'mapiri mwathu mumachitika chinthu chimene ambiri timangochidutsa tikuthamangira zathu. Pamatanthwe pamene sipangamere ngakhale phesi limodzi la chimanga, zomera zamasamba onenepa, zaminga m'mphepete, zimatulutsa mapesi ataliatali odzala ndi maluwa ofiira ngati makala a moto. Mvula idaleka kalekale, nthaka yayamba kung'aluka, koma izo ndiye zili pachikondwerero. Pamsika zonsezi timazitchula ndi dzina limodzi lakuti alovera, ngakhale kuti alovera weniweni, amene amayi athu amabzala kuseri kwa nyumba, kwawo ndi ku Arabia. Za m'mapiri mwathuzi ndi abale ake a fuko limodzi la aloe, eni nthaka, amene adali pano tonsefe tisanabwere.

M'mwezi womwewo, pa chaka chimene Mpingo umawerenga Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko, Lamulungu la 11 pachaka limatipatsa fanizo la mbewu imene imamera ndi kukula mwini wake ali m'tulo (Marko 4:26-29). Fanizoli ndi lotonthoza mtima, koma alipo amene amalimva ngati chilolezo cha ulesi, ngati kuti ntchito ya wofesa imathera pa kumwaza. Amene adayesapo kulera aloe kuchokera ku njere amalimva mwina. Amadziwa kuti kukulitsa si kwawo. Amadziwanso kuti kupha kuli m'manja mwawo, ndipo njira zophera zilipo ziwiri zotsutsana.

Ntchito imeneyi ndi ya anthu ochepa, ndipo ife tili m'gulu lawo: anthu amene nthawi yopuma timaithera pa tizitini ta majarini ndi miphika yong'aluka, tikuyang'anira timasamba tosakwana n'komwe chikhadabo. Zomerazi sizilowa mumphika wa ndiwo. Wofesa chaka chino amadikira zaka 3, 4, mwina 5 kuti aone duwa loyamba. Anansi amafunsa, ndipo funso lawo ndi lanzeru: bwanji osangozula mwana m'mbali mwa tsinde lalikulu, monga timachitira ndi nthochi, n'kukhala ndi chomera chooneka mwezi womwewo? Yankho tifikapo. Poyamba tizidziwe zomerazo.

Dziko lathu lili ndi mitundu yambiri ya aloe. Pamatanthwe a ku Zomba ndi ku Mulanje pamamera Aloe mawii, amene phesi lake la maluwa limapendekeka m'malo moima chilili. Aloe cameronii masamba ake amakhala obiriwira m'dzinja, koma chilimwe chikakula amasanduka ofiira ngati mkuwa, ndipo mtundu wina wa iyeyu udatenga dzina la Dedza. Aloe buchananii, wamasamba owonda ngati udzu, amakumbutsa John Buchanan, amene adafika ku mishoni ya Blantyre mu 1876 ngati wosamalira minda. Ndipo alipo mmodzi amene ife Akatolika tiyenera kumudziwa, Aloe menyharthii. Dzinalo ndi la bambo László Menyhárth, wansembe wa chipani cha Ayezuiti wochokera ku Hungary, amene adatumikira ku Boroma, pafupi ndi Tete m'mbali mwa Zambezi. Pakati pa maulendo ophunzitsa ndi kubatiza, ankatola zomera, kuziumitsa ndi kuzitumiza kwa akatswiri ku Ulaya, ndiponso ankalemba za kayendedwe ka nyengo. Adamwalira ku Zumbo mu 1897. Maina onsewa ndi a alendo, ndipo tisanamizane kuti iwo ndiwo adayamba kuziona zomerazi. Agogo athu ankazidziwa kale, ankapaka madzi ake pachilonda ndi kuthira masamba ake osinja m'madzi akumwa nkhuku. Komabe zimatikondweretsa kuti wansembe wotanganidwa adaona kuti kugwada pansi n'kuyang'anitsitsa kachomera si kutaya nthawi ya Mulungu.

Kupirira kwa zomerazi sikuli m'madzi okha amene zimasunga m'masamba. Masamba a zomera ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, tolowera mpweya umene chomera chimapangira chakudya. Chimanga ndi nyemba zimatsekula timabowoti masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pamene mpweya ukulowa madzi ambiri amakhala akuthawa. N'chifukwa chake ng'amba ya masabata 2 kapena 3 mu Januwale imatigoneka ndi nkhawa. Aloe, khonje ndi chinanazi zimachita mosiyana. Masana zimatseka. Usiku, kukazizira, zimatsekula, n'kukoka mpweya, n'kuusunga m'masamba ngati asidi; kukacha zimatsekanso ndi kugwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa posandutsa nkhokweyo kukhala chakudya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Benjamin Heyne, sing'anga wa ku Germany amene ankagwira ntchito ku India, adamva chizindikiro cha zimenezi ndi lilime: masamba a chomera china chonenepa ankawawasa m'mawa, koma pofika masana kuwawasako kunkatha. Nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake. Chomera chopuma usiku wokha chimakula pang'onopang'ono. Chimanga chimamaliza moyo wake wonse m'miyezi 4. Aloe wofesa njere m'miyezi 4 amakhala asanafike n'komwe msinkhu wa chala.

Tsopano ku funso la anansi lija. Mwana wozula m'mbali mwa tsinde si chomera chatsopano. Ndi mayi yemweyo amene wangosamukira pena. Nthambi ya nkhadze imene timazika pampanda, tikusamala kuti utomoni wake usatigwere m'maso, ndi nkhadze yomweyo imene tidaidula. Njira imeneyi ndi yachangu ndi yodalirika, ndipo sitikuinyoza. Mipanda ya midzi yathu idaima nayo. Koma ili ndi malire. Mitundu yambiri ya aloe siibereka ndi mungu wake womwe. Pamafunika kuti timbalame tamilomo yaitali, totsopa timadzi ta m'maluwa, tibweretse mungu wochokera ku tsinde lina losiyana nalo. Choncho mudzi wonse ungathe kukhala ndi alovera pakhomo lililonse, yense wochokera ku tsinde limodzi limene wina adapempha kwa mnzake zaka zapitazo, maluwa n'kumatuluka chaka ndi chaka, koma njere osaoneka. Onsewo ndi mmodzi wobwerezedwa, ndipo nthenda imene ingagwetse mmodzi ingagwetse onse. Njere zokha ndizo zimabweretsa chimene sichinakhalepo. Mbande za m'khoko limodzi zimasiyana: ina yamawangamawanga, ina yaminga yofiira, ina yofulumira, ina yochedwa. Wofesa njere sadziwa chimene adzalandira, ndipo chimwemwe chake chachikulu chili pomwepo.

Kafesedwe kake si kovuta. Njere za aloe ndi zopyapyala, zoderako, zokhala ndi kaphiko kopepuka ngati pepala, kuti mphepo ya mu Ogasiti izinyamule. Timasakaniza magawo 2 a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, wotsukidwa bwino, ndi gawo limodzi la manyowa a masamba owolerana, osefedwa, n'kuwonjezerapo makala osinja pang'ono. Dothi limeneli timalithira madzi owira kapena kulikazinga m'phale, kuti tiphe chuku ndi njere za udzu, kenako timalisiya lizizire. Chitini chikhale chosazama, choboola kunsi. Njere timaziyala pamwamba, osazikwirira ngati chimanga, n'kuwazapo kamchenga kongokwanira kuzibisa. Pothirira sitithira pamwamba, kuopa kuzikokolola. Timakhazika chitini m'beseni la madzi pang'ono mpaka chinyezi chikwere chokha. Pamwamba timavundikira galasi kapena botolo la pulasitiki lodula pakati, n'kuika pakhonde, pamene pali kuwala koma dzuwa silimenya. Nthawi yabwino ndi pamene kwayamba kufunda, mu Seputembala kapena Okutobala. Pakapita masabata 2 mpaka 4, timitu tobiriwira, tokula ngati njere ya mpunga, timayamba kusuzumira pamchenga.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene oyamba kumene sachikhulupirira: mbande ya chomera cha pathanthwe siitha kupirira pathanthwe. Munthu amati, ichi ndi chomera cha chilala, sichifuna madzi, ndichiike padzuwa chizolowere. Tsiku limodzi lotentha la mu Okutobala ndi lokwanira kupsereza chitini chonse. Kambande ka masabata 3 kalibe nkhokwe. Tsamba lake silinanenepe, khungu lake silinakhwime, kamuzu kake ndi kaulusi chabe. Kupirira kumene timasirira kwa mayi wake sikadabadwe nako. Kangokhala ndi mwayi wodzakhala nako. M'miyezi yoyamba mchenga suyenera kuuma ngakhale tsiku limodzi. Ndipo kutchire zili chimodzimodzi. Njere zimene zimapulumuka si zimene zagwera pamwala poyera, koma zimene zalowa m'ming'alu momwe mwaunjikana zinyalala zonyowa, kapena pansi pa kachitsamba kozitchinga dzuwa, n'kumera mvula ikayamba. Aloe wamkulu amene timamuona ali yekha pathanthwe, ngati kuti sadathandizidwepo ndi wina, adakulira mumthunzi wa chitsamba chimene mwina chidauma kalekale. Akuluakulu adati m'mera m'poyamba, ndipo pa zomera izi mwambiwo sunama: zambiri zimafera m'chaka choyamba, zina ndi dzuwa, zina ndi mbuzi, zina ndi moto wa osaka mbewa. Ngakhale mlambe, umene umasunga madzi m'thunthu, umayamba ngati kachitsamba wamba. Masamba ake oyamba sagawikana ngati zala monga a mtengo waukulu, kotero anthu amaupalira osauzindikira, pamene iwo uli kalikiliki kunenepetsa muzu pansi pa nthaka.

Imfa yachiwiri imabwera mochedwa, ndipo imabisala m'chikondi. Chivundikiro chimene chidapulumutsa njere chikakhalitsa, chuku chimagwira mbande pakhosi, pamene tsinde lakumana ndi dothi, n'kuzigwetsa usiku umodzi. Choncho mbande zikangomera timayamba kutsekula pang'ono tsiku lililonse, mpaka chivundikiro chichokeretu. Pakapita miyezi ingapo timayamba kulola kuti pamwamba pa mchenga paume tisanathirirenso. Timazionetsa dzuwa la m'mawa, ola limodzi, kenako maola 2, kuwonjezera sabata ndi sabata. Masamba amayamba kufiirira, ndipo wosadziwa amada nkhawa, koma kufiirako ndi chishango chimene chomera chikudzipangira. Chaka chikatha timaziwokera, iliyonse mumphika wakewake, n'kuzisiya masiku angapo osathirira kuti mabala a mizu apole. Madzi pabala latsopano amaitana kuwola. Amene sangathe kuugwira mtima pamenepa, amene amati kachomera kanga kamva ludzu, amapitiriza kuthirira monga kale. Chomera chake chimaoneka bwino kuposa cha wina aliyense: chobiriwira, chotupa, chonyezimira. Koma mizu ya aloe imafuna mpweya, ndipo m'dothi lonyowa nthawi zonse imabanika. Tsiku lina pongochikhudza, chomera chonse chimazuka m'manja, kunsi kuli phala lonunkha. Chikomekome cha nkuyu. Madzi omwewo amene adali moyo mu Okutobala wa chaka chatha asanduka imfa chaka chino, ndipo palibe belu limene limalira kulengeza kuti nthawi yasintha.

Yohane Woyera wa Mtanda, wansembe wa chipani cha Akarimeli wa ku Spain amene adamwalira mu 1591, adalemba za zomwezi, ndipo chodabwitsa n'chakuti adatchula aloe. Kumayambiriro kwa buku lake lonena za usiku wamdima wa mzimu, akufanizira Mulungu ndi mayi. Munthu akangotembenuka mtima, Mulungu amamunyamula, kumuyamwitsa ndi kumupatsa kukoma m'mapemphero ndi m'zonse zauzimu. Koma mwana akasinkhuka, mayi amapaka madzi owawa a aloe pabere, namutsitsa pansi kuti ayende ndi mapazi ake. Kwa ife fanizo limeneli silifuna womasulira. Amayi a kuno amadziwa kupaka chowawa pabere nthawi yoletsa kuyamwa ikakwana, ndipo amakudziwa kulira kwa usiku umenewo, pamene mwana amayesa kuti amayi ake amuda. Paulo Woyera naye adakumbutsa Akorinto kuti poyamba adawamwetsa mkaka chifukwa zolimba sakadazitha, ndipo m'mutu womwewo adasiyanitsa ntchito ya wobzala ndi ya wothirira ndi ya Mulungu wokulitsa (1 Akorinto 3).

Liwu lakuti seminale lidachokera ku Chilatini, seminarium, ndipo tanthauzo lake ndi nazale, malo ofesera njere. Msonkhano waukulu wa ku Trent utalamula mu 1563 kuti madayosizi akhale ndi nyumba zolerera ansembe am'tsogolo, dzina limene lidakhazikika ndi limeneli. Ena a ife tidadutsamo, n'kuwokeredwa pena osati paguwa, ndipo chimene tidatengako ndi ichi: nazale ndi malo abwino, a mthunzi ndi madzi a pa nthawi yake, koma palibe mtengo umene umabala uli panazale. Parishi nayo ndi nazale, ndipo imfa ziwiri zija zimayenda pakati pathu.

Taganizani za mbande zathu. Ana a Tilitonse. Akatekumeni a chaka choyamba. Mnyamata amene adasiya tchalitchi zaka 6 zapitazo, ndipo lero wakhala pabenchi yam'mbuyo akuyang'ana pansi. Mtsikana amene wayamba kufunsa ngati Mulungu amamvadi, popeza amayi ake adamwalira ngakhale kuti mphakati wonse udapemphera. Amenewa alibe nkhokwe. Kuwadzudzula pagulu, kuwalandira ndi mndandanda wa zimene sanapereke, kuyankha funso lawo ndi mawu akuti mkhristu weniweni safunsa zotere, ndiko kuyanika chitini cha masabata 3 padzuwa la Okutobala. Amene amachita zimenezi nthawi zambiri si anthu oipa. Ndi akhristu olimba, amene adapirira zambiri, koma adaiwala chitsamba chimene chidawatchinga: agogo amene ankawadzutsa kuti anene kolona, mphunzitsi amene adawabisira cholakwa, mlongo amene ankawagwira dzanja popita ku Misa ya m'mawa. Amati ife tidakula movutika. Zoona, koma sadali okha.

Imfa yachiwiri ndi imene imatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa siioneka ikamayamba. Wachinyamata wa zaka 19, wolandira kale Ulimbitso, akhoza kupezeka pa Misa iliyonse, m'kwaya, pa maulendo onse, atavala yunifolomu yosita bwino, koma chikhulupiriro chake chonse chili chothiriridwa ndi ena. Amapemphera pamene gulu likupemphera. Mayankho a katekisimu amawadziwa pamtima monga adawalowezera ali ndi zaka 12, ndipo palibe adamufunsapo kuti iye mwini akuti bwanji. Sadapatsidwepo udindo umene ungathe kulephereka, chifukwa akuluakulu amaopa kuti aononga. Ndi wobiriwira, wonyezimira, koma muzu umene sudafunepo madzi wokha sutsika pansi. Kenako amapita ku koleji, kapena kukafuna ntchito ku Lilongwe, kapena kukwera basi ya ku Johannesburg. Kumeneko kulibe amayi a mphakati ogogoda pachitseko madzulo. Lamulungu ndi tsiku la ganyu. Mnzake wa m'chipinda amaseka za Akatolika, wina amamulonjeza zozizwitsa ndi chuma kwa mneneri. Amagwada kuti apemphere, koma sipabwera kukoma kulikonse. Ngati palibe adamuuzapo kuti kuuma kotere kumafikira akhristu onse, ngakhale oyera mtima, amaganiza kuti Mulungu adatsala kumudzi pamodzi ndi kwaya. Makalata a Mayi Teresa wa ku Calcutta, amene adasindikizidwa mu 2007, adaonetsa kuti iye adakhala zaka zambirimbiri osamva kukoma kwa pemphero, koma akutumikirabe. Zimenezi achinyamata athu ayenera kuzimva asanakwere basi.

Palinso chiyeso chozula ana m'mbali: kufuna achinyamata ofanana ndi ife, oyankhula ngati ife, ofunsa mafunso okhawo amene mayankho ake tili nawo kale. Gulu lotere limadzala msanga ndipo limakongola pa zikondwerero. Koma m'badwo umene ukubwera udzakumana ndi nthenda zimene ife sitidazione, ndipo udzafuna mbande zosiyana ndi ife.

Fanizo lililonse lili ndi polekezera, ndipo ili tiliikire malire. Munthu si aloe. Yohane wa Mtanda sadanene kuti aphunzitsi azipaka chowawa. Adati Mulungu ndiye amaletsa kuyamwa, pa nthawi imene Iye akuidziwa, ndipo m'buku lake lina adadzudzula kolimba alangizi auzimu amene amangomenya mizimu ngati osula zitsulo, osadziwa chimene Mulungu akuchita mwa munthuyo. Si ntchito ya katekisiti, ya makolo kapena ya bambo mfumu kupanga chilala m'moyo wa mwana kuti alimbe. Chilala chidzabwera chokha. Dziko lino silisowa chilala. Ntchito yathu ndi yocheperapo koma yovuta, kutsekula chivundikiro pang'onopang'ono. Kumusiya wachinyamata atsogolere mapemphero a mphakati ngakhale achite chibwibwi. Kumupatsa Baibulo m'manja, osati mayankho okha. Kumuphunzitsa kukhala chete mphindi 10 pamaso pa Ukaristia popanda ng'oma, ngati chomera chija chokoka mpweya usiku pamene palibe akuchiona. Kumulola afunse funso limene ifenso limatisowetsa tulo, n'kukhala naye pansi osamuthamangitsira ku yankho. Ndipo nthawi yake siilembedwa pakalendala ya parishi. M'chitini chimodzi, mbande ina imakonzeka kuwokeredwa pa miyezi 8, ina pa chaka ndi theka. Wolera amayang'ana iliyonse payokha: kodi tsamba lanenepa? Kodi mizu yayamba kutulukira kunsi? Anthu 80 olandira Ulimbitso tsiku limodzi sakhwima tsiku limodzi.

Inu achinyamata amene mwayamba kale kumva kuuma kumeneku, amene nyimbo zimene zinkakulizani chaka chatha lero zikungodutsa m'makutu, musafulumire kunena kuti mwatayidwa, ndipo musathamangire kulikonse kumene kwalira ng'oma yatsopano. Pitirizani pemphero lalifupi la tsiku ndi tsiku ngakhale lisakome, musathawe masakramenti, ndipo pezani munthu mmodzi wokhwima woti muzimuuza zoona. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsiku lochoka panazale lidzafika, mufune musafune.

Pali chifukwa china chofesera njere, ndipo ichi ndi cha zomera zenizenizo. Njira yachidule kuposa zonse ndi kukwera phiri ndi khasu. Aloe amene watenga zaka zambiri kukhazikika pamwala amazulidwa m'mphindi 5. Ku South Africa, pakati pa 2019 ndi 2024, boma lidalanda zomera zonenepa zoposa 1 miliyoni zozulidwa mwakuba, zambiri zochokera ku dera louma la Namaqualand, zopita kwa ogula akunja amene adaziona pa intaneti. Mitundu ina ya kumeneko imamera paphiri limodzi lokha padziko lonse, kotero matumba ochepa angathe kuimaliza. Pangano la mayiko la CITES limayang'anira malonda odutsa malire a mitundu yonse ya aloe, kupatula alovera wa kumunda. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si' ya 2015, adatikumbutsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi mtengo wake pamaso pa Mulungu, osati chifukwa cha ntchito yokha imene chimatigwirira. Wofesa njere angathe kukhala ndi zomera 50 popanda kusiya dzenje paphiri.

Ku South Africa komweko ndi ku Namibia n'kwawo kwa kachomera kamene ofesa njere amakakonda kwambiri, Lithops. Mu 1811 William Burchell, mlendo wa ku England, adatola chimene ankayesa kamwala kooneka bwino, n'kupeza kuti ndi chomera. Kali ndi masamba 2 okha, okwiririka m'dothi mpaka pamutu, ndipo anthu amakatcha mwala wamoyo, dzina limene limatikumbutsa kalata yoyamba ya Petro (2:5). Njere zake zili ngati fumbi, ndipo khoko lake limatseguka likanyowa ndi mvula, n'kutsekekanso kukauma. Chaka chilichonse masamba 2 atsopano amamera pakati pa akale, n'kumamwa madzi a akalewo mpaka atsale ngati pepala. Pa nthawi imeneyo wolera sathirira konse; akathirira, akale amakana kufota ndipo atsopano amapanikizika. Akuluakulu a makomiti athu angalingalirepo okha; ife tangofotokoza za chomera.

Amene akufuna kuyesa asayambe ndi Lithops, pakuti chinyezi cha dzinja lathu chimamuvuta, ndipo njere zochokera kunja zimafuna chilolezo. Ayambe ndi aloe wa kwathu. Maluwa a mu Juni ndi Julayi amasiya makoko obiriwira, amene amauma mu Ogasiti ndi Seputembala n'kung'ambika patatu. Mukaona loyamba layasama, nthawi yakwana. Mukachedwa sabata imodzi, mphepo ikhala itakolola. Ena amamangirira kansalu ka neti yakale paphesi kuti njere zisauluke. Tengani makoko ochepa pa matsinde angapo, ambiri muwasiyire phiri, ndipo m'nkhalango zotetezedwa ndi boma musatole kanthu popanda chilolezo. Sungani njerezo mu envelopu ya pepala, osati m'jumbo, ndipo muzifese chaka chomwecho zikadali ndi mphamvu. Tsiku lofesa ndi dzina la malo mulembe pakamtengo ndi pensulo, chifukwa inki imafufuta padzuwa, ndipo pofika chaka cha 4, phesi loyamba likamatuluka, palibe amene amakumbukira phiri limene njerezo zidachokera.